Bingo watha nsapato m'nyumba, mwana akufuna mpikisano: tiyambire pati?

Funso: Ndine mayi wa ana awiri, ndimakhala ku Leicester ndipo ndine namwino. Chaka chatha ana anandiumiriza mpaka tinatenga kagalu, mayi ake springer spaniel, bambo ake labrador. Ndinakatcha Bingo, dzina la galu amene tinali naye kwathu ku Ntcheu. Pano ali ndi miyezi 10 ndipo watisowetsa mtendere. Watafuna nsapato zanga za kuntchito, wang'amba mpando, alendo amawadumphira, ku paki tikamumasula kumuitana sabwera. Mtsikana wanga wa zaka 12 anaona agalu akuthamanga ndi kudumpha pa Crufts, chionetsero chachikulu cha agalu kuno, pa TV, ndiye wakakamira kuti Bingo alowe zimenezo. Ine galu ndimamudziwa ngati mlonda basi. Kodi masewera amenewa ndi a anthu ngati ife? Tiyambire pati, nanga angathandize kuti galuyu akhazikike?

Yankho: Mayi, pepani ndi nsapatozo. Koma mundilole ndiyambe ndi kumuimira Bingo pa mlanduwu, poti mwiniwake kalata sangalembe. Galu wanuyo alibe misala, ndiponso si mwano. Ndi lova basi. Mwasunga m'nyumba mnyamata wamphamvu zake, wodya bwino, wogona pofunda, koma wopanda chochita kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Munthu wotere kumudzi timadziwa kumene amathera: pa bawo, pa kachasu, kapena pa bwalo kwa amfumu. Bingo wathera pa nsapato.

Taonani magazi amene ali m'thupi mwakemo. Springer spaniel ndi galu wa alenje a kuno ku Britain. Ntchito yake ndi kulowa m'zitsamba, mphuno pansi, kuvumbulutsa mbalame kuti ziuluke mlenje aombere, ndipo amatero tsiku lathunthu, kaya kuli mvula kaya chisanu. Labrador naye ndi wa alenje omwewo: mbalame ikagwa, kaya m'dambo kaya m'madzi ozizira, iye ndiye amakaitola n'kubwera nayo kukamwa osaiphwanya. Makolo ake anali agalu a asodzi ku Newfoundland, m'dziko la Canada. Ndiye mukaona Bingo akuzungulira m'nyumba nsapato ili kukamwa, dziwani kuti akugwira ntchito ya makolo ake, kungoti palibe amene anamuuza choyenera kunyamula. Onjezanipo msinkhu. Pa miyezi 10 galu ali pa chinyamata chenicheni, nthawi imene makutu amakhala ngati atsekeka ndipo zonse zimene anaphunzira ali kamwana zimaoneka ngati zauluka. Zimabwerera, musadandaule.

Mwati kwanu ndi ku Ntcheu. Ine kwathu ndi ku Dedza, ndiye tayandikana. Koma takumbukirani bwino, kodi agalu a kumudzi aja anali alonda okha? Agogo anga aamuna anali nawo atatu, oonda, makutu tcheru, michira yopindikira kumsana. Tchire likapsa, cha mu Seputembala, kunkakhala uzimba. Agogo akangotenga chibonga n'kuimba likhweru kamodzi, atatu onse anali kale pa njira. Aliyense anali ndi gawo lake: wina wa fungo, wotsogolera, wina wa liwiro, wa pa kalulu, wachitatu wokumba, woti akapeza una wa bwampini sumuchotsapo. Pobwera madzulo ankangodzigwetsa pansi pa nkhokwe, tulo mpaka m'mawa. Sindinaonepo mmodzi wa iwo akutafuna mphasa. Palibe ankati amenewo ndi masewera, komatu zimene mtsikana wanu anaona pa TV zinamera pa zinthu zomwezo: kununkhiza, kuthamangitsa, kutola, kumvera likhweru la mbuye wako uli patali. Azungu anangochotsapo kalulu n'kuikapo malamulo, wotchi ndi riboni.

Zimene anaonazo amati agility, ndipo musaganize kuti ndi mwambo wakalekale wa mabwana. Crufts ndiyo yakale, inayamba mu 1891, koma agility analowamo mu 1978 ngati chongodikirira. Panali mpata pakati pa mipikisano ikuluikulu, anthu ankangokhala manja pa tsaya, ndiye John Varley wa m'komiti anapempha wophunzitsa agalu wina, Peter Meanwell, kuti akonze kanthu kotayitsa nthawi. Iwo anatengera mpikisano wa akavalo odumpha mipiringidzo. Anthu anazikonda moti pofika 1980 Kennel Club, bungwe loyang'anira za agalu kuno ku Britain, inazivomereza n'kuzikonzera malamulo.

Pa bwalo pamakhala zopinga mpaka 20. Pali mipiringidzo yodumpha, chipaipi chachikulu chansalu choti galu adutsemo, matabwa awiri otsamirana ngati denga la nyumba, thabwa lopendekeka limene limagwera mbali ina galu akafika pakati, ndi mitengo 12 yozikidwa mondondozana imene galu amaizemba uku ndi uku ngati njoka. Chimene TV sionetsa bwino ndi ichi: ndondomeko ya zopingazo imasintha pa mpikisano uliwonse, ndipo galu sanaione. Mwini galu yekha ndiye amapatsidwa mphindi zochepa kuti ayende pa bwalopo, aloweze njira. Wotchi ikayamba saloledwa kumugwira galu, kapena kunyamula chakudya m'manja. Ali ndi mawu ake, mkono wake, ndi kumene mapewa ake aloza. Galu akalowa chopinga cholakwika, kawirikawiri mukabwereza kanemayo mudzapeza kuti phazi la munthu ndilo linaloza kumeneko. Mayeso amenewa amalemba ndi munthu.

Kodi ndi a anthu ngati ife? Eya. Safuna galu wa mapepala. Wosakanizika ngati Bingo mumamulembetsa ku Kennel Club m'kaundula wotchedwa Activity Register, basi walowa. Agalu amawagawa m'misinkhu inayi, ndipo mipiringidzo yake imakhala ya masentimita 30, 40, 50 kapena 60, ndiye sapikisana ndi woposa msinkhu wake. Magiredi alipo 7, ndipo watsopano aliyense amayambira pansi, pakati pa anzake osadziwa ngati iye. Mtsikana wanu ali ndi mwayi wina: Young Kennel Club imalandira achinyamata a zaka 6 mpaka 24 ndipo ili ndi mipikisano yakeyake, pa Crufts pomwe. Crufts imachitika mu Malichi ku NEC, malo aakulu a zionetsero ku Birmingham, kumene yakhala kuyambira 1991, ndipo kuchokera ku Leicester ndi pafupi. Mupite naye akaone ndi maso, koma Bingo atsale, salola agalu ongodzaonerera. Ndisakubisireni, pa kalabu nthawi zambiri mudzapeza kuti wakuda ndinu nokha. Ine ndinazolowera. Anthu a agalu ali ndi khalidwe limodzi kulikonse: dzina la Bingo adzalidziwa tsiku loyamba, lanu adzafunsa pakatha mwezi.

Tsopano ndiponde buleki. Kennel Club siilola galu wosakwana miyezi 18 kupikisana pa agility, ndipo lamulo limeneli lili ndi chifukwa chake. Kumapeto kwa mafupa aatali a galu wamng'ono kuli malo ofewa pamene fupa likukulira. Malo amenewa amauma pang'onopang'ono, ndipo kwa galu wa thupi ngati la Bingo zimatenga chaka kapena chaka ndi theka. Kumudumphitsa mobwerezabwereza, kapena kumukhotetsa mwadzidzidzi ali pa liwiro, mafupa asanakhwime, ndi kumuikira nyamakazi ya kutsogolo. Labrador ndi mtundu wodziwika kale ndi mavuto a m'chiuno ndi m'zigongono, ndiye Bingo asanayambe kudumpha kulikonse, dokotala wa ziweto ayambe wamuona.

Izi ndikunena ndi manyazi, poti ndinazichita ndekha. Galu wanga woyamba kuno anali collie (mtundu wa agalu oweta nkhosa) wosakanizika, wamkazi, wanzeru zoopsa. Ali ndi miyezi 8 ndinamumangira zodumpha kuseri kwa nyumba, zidebe ziwiri ndi mtengo wa tsache, pa simenti. Madzulo alionse ndinkamudumphitsa, ndipo anzanga akabwera ndinkakweza mtengowo kuti aone. Iye sanakanepo. Atangokwana chaka anayamba kutsimphina mwendo wakutsogolo. Dokotala atamva nkhani ya tsacheyo anangondiyang'ana pamwamba pa magalasi, osanena kanthu, ndipo kuyang'ana kumeneko ndimakukumbukira kuposa bilu imene ndinalipira. Galu anakhala miyezi itatu wosathamanga. Agalu a ntchitowa vuto lawo ndi limenelo: ululu amaubisa, bola asangalatse mbuye wawo. Kunena kuti basi zakwana ndi udindo wanu.

Ndiye muli ndi miyezi isanu ndi itatu Bingo asanafike 18. Musaione ngati nthawi yodikira, chifukwa ntchito yeniyeni ili mmenemu, ndipo yoyamba ndi yomwe mwadandaula ija: kubwera akaitanidwa. Palibe masewera a galu amene mungalowe popanda chimenechi. Komanso kuno ndi nkhani ya lamulo. Spaniel amene wamva fungo la nkhosa samva dzina lake, ndipo galu wothamangitsa ziweto amapalamulitsa mwini wake. Nthawi zina mlimi amatha kumuombera.

Gulani chingwe chachitali, cha mamita 10, muchimange pa lamba wa pachifuwa amene amati harness, osati pa kolala ya m'khosi. Kuyambira lero Bingo asamasulidwenso ku paki popanda chingwe chimenechi, chifukwa tsiku lililonse limene mwamuitana iye n'kupitiriza zake, akuphunzira kuti mawu anu ndi mphepo chabe. Yambirani m'nyumba, mtsikana mbali ina ya chipinda, inu mbali ina, aliyense ndi tinyama m'dzanja, muzimuitana mosinthana. Kenako kuseri kwa nyumba. Kenako ku paki nthawi yopanda anthu. Akabwera, mphotho, ndipo chofunika kwambiri, mumusiyenso apite kukasewera. Anthu ambiri amaitana galu pokhapokha akufuna kubwerera kunyumba, ndiye galu naye si chitsiru, amadziwa kuti "bwera" ndiye kuti chisangalalo chatha. Pa ulendo umodzi muitaneni kakhumi, kumumanga kamodzi. Ndipo ngakhale atakuzunzani theka la ola mukumuthamangitsa pa mvula, akafika musamukalipire. Iye amangoona kuti wabwera n'kulandira ukali. Anthu a ma spaniel amakonda wezulo, ndipo ndimagwirizana nawo: wezulo imalira chimodzimodzi kaya mwagona bwino kaya mwachokera ku naiti mutu ukuwawa.

Pophunzitsa, sankhani liwu limodzi lalifupi lomuuza kuti wakhoza. Ena amagula kachipangizo kolira kotchedwa clicker, ine ndimangoti "Eya!" Liwulo lituluke pa sekondi yomweyo imene matako agunda pansi kapena mutu watembenukira kwa inu, chakudya n'kutsatira. Mukachedwa masekondi atatu mwamuyamikira china. Ndipo pano pali mwayi umene anzathu achizungu alibe. Galu sadziwa Chingerezi. Muphunzitseni m'Chichewa: khala, gona, bwera, siya, dikira, saka. M'kalasi la agalu khumi aliyense akukuwa mawu ofanana, Bingo yekha adzakhala ndi mawu akeake osasokonezeka ndi a wina, ndipo mtsikana wanu adzayankhulako chinenero cha kwawo osakakamizidwa. Chachikulu n'choti nyumba yonse igwirizane. Wina asamati "tsika" pamene wina akuti "choka". Lembani mawuwo, mumate pa fuliji.

Za kamtengo ndinenepo, poti tonse tinakula tikuona galu akulangidwa ndi chibonga kapena mwala. Galu womenyedwa amaphunzira chinthu chimodzi: kukhala patali ndi dzanja la munthu. Pa agility mukufuna galu amene maso ake ali pa dzanja lomwelo kuti limuuze kolowera. Ziwirizi sizikhalira pamodzi. Makolala amagetsi aja amene mudzawaona pa intaneti musawayandikire. Ku Wales anawaletsa kale mu 2010.

Malo abwino oyambira ndi kalasi la Good Citizen Dog Training Scheme la Kennel Club, limene lili ndi magawo a bronze, silver ndi gold. Si mpikisano, ndi sukulu ya makhalidwe: kuyenda pa chingwe osakoka, kudikira pa khomo, kukhala bata pakati pa agalu ena. Makalabu ambiri a agility amasangalala kulandira galu amene wadutsako kumeneko.

Koma mukanandifunsa kuti mwa masewera onse ndingamusankhire ati Bingo lero lomwe, sindikanati agility. Ndikanati a mphuno, amene amati scentwork. Safuna mafupa okhwima, safuna bwalo, safuna ndalama zambiri, ndipo ndi ntchito imene spaniel anabadwira. Ife m'mphuno tili ndi timaselo ta fungo pafupifupi 6 miliyoni, galu ali nato toposa 200 miliyoni. Mukalowa m'khitchini inu mumamva kuti ndiwo zapsa; iye amamva nyama payokha, tomato payekha, mafuta paokha, ndi munthu amene anadutsa pamenepo m'mawa.

Chitani chonchi Loweruka likubwerali. Tengani makatoni asanu opanda kanthu, aja obwera ndi katundu, muwaike pansi m'khitchini otsegula. Mtsikana amugwire Bingo pa khomo. Inu, iye akuona, ponyani kachidutswa ka nkhuku m'katoni imodzi. Mtsikana anene kuti "saka!" n'kumusiya. Adzathamangira pomwepo, n'zosavuta. Bwerezani katatu. Kachinayi mutulutseni kaye, muike nyama asakuona, musinthe malo a makatoni. Tsopano khalani chete, manja kumbuyo, muonerere. Adzalowa ndi liwiro, n'kudumphira katoni ya poyamba ija. Mulibe. Adzakuyang'anani. Musaloze, musayankhule, ngakhale mtima ukuyabwa. Kenako mudzaona chinthu chimene mwina simunachionepo: pakamwa patsekeka, kupuma kwasintha, kukumveka fu-fu-fu mofulumira, mchira ukupukusa pansipansi, akuyenda mokhotakhota. Adzaipitirira katoniyo, mwadzidzidzi mutu n'kubwerera m'mbuyo ngati wina waukoka ndi chingwe. Pamenepo ndiye kuti wagunda fungo. Akapeza, "Eya!", n'kumuponyera tina tiwiri m'katoni momwemo.

Masiku akamapita muzivutitsa pang'onopang'ono: tsekani makatoni, ikani ina pa mpando, ina pansi pa tebulo, kenako chotsani makatoni mubise m'chipinda chonse, kenako panja pamene mphepo imanyamula fungo. Mukadzapita ku kalabu adzamusamutsa kuchoka pa chakudya kupita pa fungo lapadera. Ambiri kuno amayamba ndi zokometsera zakudya zija amati cloves, ena kachidutswa ka mphira wofiira wa chidole cha agalu chotchedwa Kong. Amamuphunzitsanso kuima nji, mphuno italoza pamene pali fungo, m'malo mokanda. Pa mpikisano amafufuza m'zikwama, m'mipando, kuzungulira galimoto. Ndi ntchito yomwe mumaona agalu a apolisi akugwira pa bwalo la ndege, ndipo si mwangozi kuti ambiri a iwo ndi ma spaniel ndi ma labrador.

Poti ndinu namwino, iyi ikusangalatsani. Mu 2018 akatswiri a ku Durham University, pamodzi ndi bungwe la Medical Detection Dogs, analengeza zotsatira za kafukufuku wa malungo. Ana a sukulu a ku Gambia anagona atavala masokosi usiku umodzi, masokosiwo n'kutumizidwa kuno. Agalu awiri ophunzitsidwa anazindikira pafupifupi 70 pa 100 alionse a masokosi a ana amene anali ndi tizilombo ta malungo m'magazi, ana oti sankaoneka kudwala n'komwe. Mphuno imene ikusankha nsapato zanu za kuntchito pakati pa nsapato zonse za m'nyumbamo ndi yomweyo. Akusankha zanu chifukwa ndizo zili ndi fungo lanu lambiri, ndi nkhani zonse za ku wodi.

Masewera ena ndingowadutsa mwachangu. Hoopers ndi m'bale wake wa agility koma wopanda kudumpha: galu amadutsa pansi pa timikombero tozikidwa pansi, kuzungulira migolo, kulowa m'chipaipi, ndipo njira zake sizikhota mwadzidzidzi. Kwa mtsikana amene mtima uli pa agility, apa ndiye poyambira pabwino, chifukwa aphunzira kutsogolera galu ali patali popanda kuika mafupa pa chiswe. Palinso makalasi a gundog, ntchito ija ya agalu a alenje, koma a agalu apakhomo, opanda mfuti kapena mbalame, kumene amatola kathumba kansalu kolemera pang'ono. Kwa galu wonyamula nsapato, amenewa ndi mankhwala enieni. Flyball ndi mpikisano wopatsirana wa matimu a agalu anayi: aliyense amadumpha mipiringidzo inayi, kuponda bokosi lotulutsa mpira wa tenesi, n'kubwerera nawo. Unayambira ku California, ndipo matimu apamwamba amamaliza onse anayi m'masekondi osakwana 16. Ndi wokoma kuonerera, koma phokoso lake ndi la pa msika, agalu amachita kupenga ndi chisangalalo, ndipo kwa Bingo amene mutu uli kale pa moto ine sindingauyambe chaka chino. Amenewo ndi maganizo anga. A flyball adzakuuzani zina. Canicross ndi kuthamanga m'tinjira ta kutchire galu ali patsogolo, womangidwa ku lamba wa m'chiuno mwanu ndi chingwe chotamuka. Amadikira galu akwane chaka, ndipo nyengo yake ndi yozizira. Ngati mumapita ku parkrun, makilomita 5 aja a Loweruka m'mawa, malo ambiri amalola galu mmodzi pa munthu, koma pa chingwe chachifupi cha m'manja. Cha m'chiuno anachiletsa mu 2022.

Posankha kalabu, pitani ulendo woyamba opanda galu, mukhale pambali muonerere. Musamvere kwambiri zonena za mphunzitsi, yang'anani michira. Ngati agalu akulowa m'bwalo akukoka chingwe ndi chimwemwe, ndi pabwino. Ngati michira ili pakati pa miyendo, anthu akukuwa ndi kugwedeza zingwe, bwererani. Onani pansi: pakhale udzu, mchenga kapena kapeti wosaterera. Funsani ngati amalola mwana wa zaka 12 kugwira galu yekha. Ambiri amalola bola kholo likhalepo. Mphunzitsi amene angavomere kudumphitsa Bingo pa msinkhu wonse ali ndi miyezi 10, ameneyo akufuna ndalama zanu zokha. Tengani khadi la katemera, adzalifuna, ndipo funsani dokotala za katemera wa chifuwa chija chopatsirana agalu akasonkhana. Nsapato za matope mugule. Zambiri zimachitikira m'mafamu, m'mashedi a akavalo, usiku wa chisanu.

Ndikudziwa kuti mashifiti a unamwino sasiya munthu ndi mphamvu. Nkhani yabwino n'njoti galu saphunzira bwino pa ola lathunthu. Mphindi zisanu, katatu pa tsiku, zimaposa ola limodzi la Lamulungu. Madzi a tiyi akuwira, khala, gona, dikira. Mtsikana akabwera ku sukulu, makatoni. Musiye galu akufunabe, osati atatopa. Mphotho yake muzitapa pa chakudya chake cha tsiku, kuti asanenepe, poti labrador pa kudya sadziwa kukhuta. Galu wonenepa pa masewera ndi ngozi. Pa zovuta ngati kubwera ku paki, onjezani zokoma: nkhuku, chiwindi chowiritsa, tchizi, timagawo tochepa ngati nsawawa. Usipa wouma wopanda mchere umagwira ntchito modabwitsa, ngati mungalolere kugawana naye umene anakutumizirani. Koma makombo a pa tebulo samalani nawo: anyezi wa m'ndiwo zathu, mphesa, chokoleti, zonsezi ndi poizoni kwa galu, ndipo mafupa a nkhuku ophika amabaya m'matumbo. Masiku a shifiti yaitali pakhale wina womutulutsa. A RSPCA, bungwe loteteza nyama, amalangiza kuti galu asakhale yekha kupitirira maola anayi, ndipo ndikukayikira kuti mpando uja unang'ambika tsiku lotere.

Za alendo. Anthu athu ambiri amaopa galu, ndipo sindiwaseka: amene anakulira kumene kuli chiwewe ndi agalu osaizira anthu ali ndi chifukwa. Galu wodumphira amayi a ku mpingo atavala yunifolomu yawo yoyera angakuthetsereni chibale. Muikireni kamkeka pakona. Muphunzitseni kuti kupita pamenepo n'kugona kumabweretsa chakudya, poyamba masekondi awiri, kenako khumi, kenako mphindi. Akazolowera, mwana wanu wina aziliza belu la pakhomo pamene mtsikana akumutumiza pa mkeka, mpaka belu lenilenilo lisanduke chizindikiro chopitira pamenepo. Kudikira komweku ndi kumene adzafune pa mzere woyambira wa agility, ndiye mtsikana asaone ngati ntchito yotopetsa ya amayi.

Mwafunsa ngati masewera adzamukhazika pansi. Adzatero, koma osati m'njira imene ambiri amaganiza. Anthu amati galu wovuta m'thamangitse atope, ndiye amaponya mpira kambirimbiri tsiku lililonse. Pakatha mwezi ali ndi katswiri wothamanga amene safunanso ola limodzi koma awiri, ndipo mutu udakali wopanda ntchito. Spaniel simungamutopetse ndi miyendo, mudzayamba ndinu kugwa. Chimene chimamugoneka ndi kuganiza. Mphindi khumi ndi zisanu za makatoni aja zimamutsitsa kuposa kuzungulira paki kawiri, ndipo mudzaona yekha akukamwa madzi n'kukadziponya pansi. Akagona musiyeni, ana asamudzutse. Galu wa msinkhu umenewu amafuna kugona kuposa theka la tsiku, ndipo kupulupudza kwina kwa madzulo ndi tulo chabe, ngati mwana wolira chifukwa chosagona masana.

Mtsikana mumuuze kuti sindinamukanize. Bingo akakwana chaka angayambe kalasi la agility la oyamba kumene, mipiringidzo ili pansi, kuphunzira chipaipi ndi kuyenda pa thabwa lotsika, ndipo kutalika kuzikwera pang'onopang'ono mpaka miyezi 18. Pa mpikisano wawo woyamba mwina Bingo adzadumpha ziwiri, n'kutuluka m'bwalo kukanunkhiza thumba la woweruza. Zinatichitikira tonse, ndipo anthu amaomba m'manja ndithu. Pakadali pano mpatseni kathumba kansalu kake koti azinyamula mukamalowa pakhomo, muzimuyamikira akabwera nako. Nsapato za kuntchito zikhale mu kabati yotseka mpaka Khirisimasi.